Makina a Yusufu

Achimwene,

Landirani moni wochokera kuno ku Kalingalinga. Ife tilipo, maso okha ndiwo akuchita chifunga. Kaya inu ndi alamu ku Joniko?

Mwana wanga Yusufu, chimuchotsereni ntchito kampani yawo itagulitsidwa, akupanga makina osindikizira mapepala m'nyumba muno. Akuti akatha adzaonetsa aliyense kapangidwe kake kwaulere. Lamba ndi gudumu anazula pa makina anga osokera, ndiye sindikusokanso.

Lachisanu anandiitana, amvekere, “Amayi, bwerani muone vinthu.” Ndinakhala pansi. Pepala linalowa bwinobwino, n'kutuluka lonyowa, lakuda bii, lopanda chilembo. Akuti kachitsulo kolavula inki kamafuna timabowo tochepa kuposa tsitsi, ndipo eni ake kunjako amabisa njira yake. Iye anaboola ndi singano zanga. Sindinakalipe. Ndinangotenga sanza n'kupukuta pansi.

Inu ndinu amalume ake, amakumverani. Kachitsuloko mukakapeza, tumizani. Mukakasowa, mulembereni kuti asiye. Ine pakamwa pakundilemera, chifukwa chomudzutsa m'mawa ndi makina okhawo.

Mulungu akusungeni.

Ndine mlongo wanu,
Asiyatu