Matope a M'munda wa Mpunga

Chiputula, Mzuzu

Okondedwa achimwene a Davie,

Ndikhulupirira muli bwino pamodzi ndi alamu ndi ana. Nanga mwendo wa amayi unasiya kutupa? Ine m'thupi ndili bwino, koma mtima suli m'malo.

Ntchito ndikugwirabe pakhomo paja. Mwana wa abwana, a Judith, amaphunzira ku yunivesite. Kuseri kwa nyumba anaika ndowa za matope akuda, zolumikizidwa ndi mawaya ku kababu komwe kamayaka popanda batire.

Sabata yatha matopewo ananunkha kwambiri. Ndinakumbukira kolera uja, ndiye ndinathiramo klorini kuti ana asadwale. Kababu kanazima.

Ndinakawauza ndekha a Judith. Sanandikalipire. Anandikhazika pansi n'kundifotokozera kuti m'matopemo munali mabakiteriya, tizilombo tosaoneka ndi maso. Akuti kalikonse kali ndi kakhungu kokakuta. Kakadya, kamakankhira kunja tinthu tating'onoting'ono ngati ta mchere wosungunuka. Tinthuto tikachuluka kunjako, timalimbirana kubwerera mkati kudzera pa kachipata, ndipo kachipatako kamazungulira ngati chigayo n'kupanga mphamvu ya kachilomboko. Zotsala zake ndi zimene zimayenda m'mawaya. Ndinawapempha abwereze kuti ndimvetse bwino. Ine ndinkayesa kachilombo kalikonse n'koyenera kuphedwa.

Aphunzitsi awo adzayesa ntchitoyi mwezi wamawa, ndipo kababu kakapanda kuyaka, a Judith abwereza chaka. Tayesa matope a kudambo la ku Mchengautuwa, koma kababu kakungophethira. Oyamba aja anakawatenga m'minda ya mpunga kwathu konko ku Nkhotakota. Amayi a pakhomo pano sanandiyankhulebe za nkhaniyi, koma dzulo ndinawamva akufunsa mnzawo pafoni ngati akudziwa mtsikana wofuna ntchito.

Pempho langa ndi ili, ndipo chonde musandiseke. Mupite kumunda kwathu, mukapise dzanja mpaka m'chigongono, mukatape matope akuda onunkha aja, osati apamwamba. Mudzaze chigubu mpaka pakamwa n'kutseka zolimba, chifukwa tizilomboti sitifuna mpweya. Chigubucho musachitsuke ndi sopo. Mupatsire kondakitala wa basi ya Loweruka, ine ndikadikira kudepoti kuyambira m'mawa.

Mundiperekere moni kwa amayi, alamu, amalume ndi ana onse. Amayi musawauze kuti ndaitanitsa matope, angade nkhawa kuti mutu wandisokonekera. Akaona chigubucho n'kufunsa, muwauze kuti ndasowa kwathu. Limenelo si bodza.

Ndine mlongo wanu,
Selina