Zimene Alamu Anaona M'galasi la Kabati

Gulu: Game ya Loweruka (GM, Achemwali, Alamu)

LOLEMBA

GM, 09:12
nde Loweruka tipitiriza pomwe tinalekeza. alamu ali pa mlatho wa zingwe, achemwali tsidya lina, chinjoka chili kutsogolo. alamu, Wankhwangwa wanu watsala ndi moyo 7 basi, ganizirani zochita

Achemwali, 09:20
2 koloko ngati kale. kwathu konkuno, tebulo ndikonza

GM, 09:21
alamu mwaona?

GM, 13:05
alamu?

LACHIWIRI

Alamu, 07:48
Loweruka ine sindisewera

GM, 07:50
bwanji, thupi?

Alamu, 07:58
thupi lili bho. funso limodzi. chinjoka chitandikwapula ndi mchira, munaponya dayisi ya mbali 20 kuseri kwa katoni yanu yobisira ija nkunena kt chaphonya. inagwa nambala yanji?

GM, 08:15
aaa alamu, za masiku atatu apitawo ndingakumbuke?

Alamu, 08:16
19

Alamu, 08:19
kt chindimenye pamafunika 14. mumakhala chofulatira kabati ya mbale, galasi lake limaonetsa zonse za kuseri kwa katoni. ndakhala ndikuona masabata asanu

GM, 08:20
nde nanunso mumasuzumira kkkk

Alamu, 08:20
sindikuseka

GM, 09:02
[voice note 0:41] Alamu, tamverani. Ntchito ya GM, woyendetsa game, si kuwerenga manambala ayi. Ine ndimakonza dziko, inu mumalowamo, koma maso anga amakhala pa nkhope zanu. Ndikaona kuti tebulo lazizira ndimatumiza achifwamba. Ndikaona kuti munthu watopa ndimafewetsa pang'ono. Dayisi ndi wantchito wanga, si bwana wanga. Ma GM ambiri amatero.

Alamu, 09:30
ambiri mwina. inu simunkatero. munapha Wamauta wa mayi akunyumbawa pa birthday yawo, cake ili patebulo. munati madzi akatayika sawoleka

Achemwali, 09:33
ndipo ndinalira, mwana ameneyu osandimvera chisoni olo pang'ono

Alamu, 09:34
nde mtima wabwinowu waphuka liti?

Alamu, 10:10
ndiyankhe ndekha? waphuka nditatuluka m'chipatala

Achemwali, 10:26
bambo, musamukalipire. ndine ndinamupempha

Achemwali, 10:28
ndinamuuza kt stroke yakulandani zambiri kale, asakulandeninso Wankhwangwa. poyamba anakana. ndinachita kumukakamiza ngati mkulu wake

GM, 10:31
ndinavomera ndekha achemwali. dayisi inali m'dzanja langa

Alamu, 11:47
ndilemba pang'onopang'ono coz ndi dzanja lamanzere. kunyumba nyama mumandidulira. ku office anandichotsera ma file onse, ndimangokhala ndi kapu ya tea mpaka 4. ana akayamba kukangana, ndikangolowa amasiya. aliyense akundigwira ngati dzira

Alamu, 11:55
patebulo paja pokha ndimaona ngati ndine munthu wakale. ndimati apa pokha chinthu chikhoza kundimenya. kenako ndikuyang'ana m'galasi, 17, mukuti chaphonya. sabata inayo 18, chaphonya. zinandiwawa kuposa dzanjali

Achemwali, 12:01
pepani bambo

GM, 12:40
[missed call]

GM, 15:15
[missed call]

LACHINAYI

GM, 10:04
alamu, ndinalakwa. zija ndinanena pa voice note ndi zoona kwa GM wina, koma si zomwe tinagwirizana ife tsiku loyamba. tinati dayisi ikagwa yagwa

GM, 10:06
19 ija ikhala. mchira unakupezani. chatsala ndi damage, madayisi awiri a 6. zikakwana 7 Wankhwangwa wafa. ndiponye pano pa video kapena tidikire Loweruka?

Achemwali, 10:09
iwe dikira kaye. zaka zitatu akusewera Wankhwangwa ameneyu. ku ward ankamufotokozera nurse za nkhwangwa yake pakamwa pasanawongoke nkomwe

Achemwali, 10:10
ine ndine sing'anga wa gulu, sindingamupatse mankhwala kaye?

GM, 10:12
muli tsidya lina la mlatho achemwali. turn yanu ibwera pambuyo pa chinjoka

Achemwali, 10:12
wayambiranso nkhanza zako

Alamu, 10:31
msiyeni mayi. ponyani pano

GM, 10:33
ndili ku shop. ndiponya pamwamba pa photocopier, kulibe katoni. ikagwera pansi ndibwereza, mwamva?

Alamu, 10:33
ponyani

GM, 10:36
[video 0:09]

GM, 10:36
5 ndi 4

GM, 10:37
9

GM, 10:41
mchira ukumumenya pachifuwa, zingwe zikuduka mbali imodzi. Wankhwangwa akulendewera ndi dzanja limodzi, kenako dzanja likutha mphamvu. lamulo la tebulo mukulidziwa, mawu omaliza ndi a mwini wake

GM, 11:20
alamu

GM, 12:02
achemwali, ali bwanji kumeneko?

Achemwali, 12:09
lero sanapite ku office. adzitsekera kuchipinda. usandifunse zambiri, ndakukwiyira

Alamu, 12:44
[voice note 0:16] Ndikuponya nkhwangwa yanga tsidya linalo, igwere pamapazi a sing'anga. Ndikuti, mayi, dulani zingwe zotsalazo, chigwe nane limodzi chinthu chimenechi. Basi.

GM, 12:47
zololedwa. achemwali, Loweruka mudzaponya kt tione ngati mwadula. pakufunika 12. mukaphonya mwaphonya

Achemwali, 12:58
atuluka. akutukwana chinjoka ku kitchen, mawu onse akumveka bwinobwino. ana athawira panja

GM, 12:59
kkkk ndiwapepese?

Achemwali, 13:00
ayi. akufunsa ngati uli ndi mapepala

Alamu, 13:14
mundipangire print character sheet yatsopano, pepala la munthu wanga wina. osalembapo chilichonse, ndilemba ndekha ndi lamanzere lomweli, olo zitenge tsiku lonse

GM, 13:15
ok. level 1 ngati aliyense woyamba. palibe za ulamu

Alamu, 13:16
ndani wakupemphani za ulamu

GM, 13:18
katoni sindibweranso nayo. kuyambira pano ndiziponya poyera, aliyense aziona

Alamu, 13:40
ayi, mubwere nayo. game sikoma tikamaona misampha yanu yonse

Alamu, 13:52
[photo]

Alamu, 13:52
galasi ndaliphimba ndi nsalu ya patebulo. 2 koloko