Nambala Imene Sindinapemphe

Lachinayi, Okutobala. Kwatentha, ndipo mtima sunakhale m'malo.

Mwana wanga Esinati wabwera kudzandiona. Ndinamupatsa foni kuti anditsegulire tsamba la ofuna banja, pomwe ndakhala ndikulemberana ndi Amayi Zulu a ku Chiparamba, amasiye ngati ine. Tsambalo kulibe.

"Atate, atseka," anatero. "Kudziko la eni akewo kwabwera lamulo loti anthu oipa akamagulitsirapo atsikana, mlandu uzigwera eni tsamba. Ndiye aopa, achotsa zonse."

Atsikanawo ndikuwamvera chisoni, inenso ndinabala. Koma ine ndagulitsa ndani? Agwire oipawo, osati kutitsekera tonse.

"Nambala ya Amayi Zulu muli nayo?" anafunsa Esinati.

Ndilibe. Miyezi inayi yonseyi sindinapemphe. Ndinkati mwamuna sapempha nambala ya mzimayi asanaonekere kwa alongo ake. Nditamuuza zimenezi, Esinati anaseka, kenako anapukuta m'maso. "Ulemu wanu wakupwetekani, atate."

Za Amayi Zulu ndikudziwa zochepa chabe. Amayimba kwaya, ndipo bondo lakumanzere limawavuta. Chikundiwawa n'chakuti mwina akuganiza kuti ndawathawa.

Lamlungu ndipalasa njinga. Matchalitchi a ku Chiparamba si ambiri. Ndikakhala kumbuyo, ndizikayang'ana amene akuchedwa kuimirira kwaya ikamadzuka...