Tsiku Limene Tinenenji Anayeza Alamu Anu

Masambanjati, Thyolo
18 Ogasiti 2023

Okondedwa achimwene a Jonas,

Ndiyambe ndi kufunsa za moyo wanu ku Joniko, inuyo, alamu ndi ana. Kuno chiperoni chatizunza chaka chino, koma tilipo, Mulungu watisunga. Ku esiteti tikudulira tiyi.

Munamva pafoni kuti alamu anu a Abrahamu anadwala chibayo. Zina sindinathe kuzinena pafoni, n'chifukwa chake ndagwira cholembera.

Anayamba ndi kutsokomola ku fakitale, ife n'kumati ndi fumbi la tiyi la masiku onse. Pofika Lachitatu sankatha kutchula dzina langa osapumira. Chipatala cha kuno chinatitumiza ku Blantyre. Kumeneko anawagoneka m'chipinda cha odwala kwambiri, n'kuwalowetsa paipi kukhosi yolumikiza ku makina owathandiza kupuma.

M'mawa mwake, nesi amene anabwera kudzalandira ntchito m'chipindamo anali Tinenenji, mwana wanu.

Anandipatsa moni mwaulemu, anayang'ana manambala a pa makina, kenako anatulutsa tepi n'kuyamba kuyeza alamu anu kuchokera kumutu mpaka kuchidendene. Achimwene, mukudziwa kuti kwathu kuno munthu wogona amayezedwa choncho pa chifukwa chimodzi chokha. Ndinamutsomphola tepiyo pamaso pa anzake, ndipo ndinamufunsa ngati sukulu yonse ija anaphunzira kuti adzayeze bokosi la munthu wamoyo.

Mwanayo sanakwiye. Anandigwira dzanja n'kunena motsitsa mawu kuti, "Azakhali, mapapo a munthu amatsata msinkhu, satsata kunenepa. Ankolo ndi afupi koma onenepa, ndiye makinawa akuwapatsa mpweya wa munthu wamtali. Mapapo otupa chonchi mukawapopa kwambiri amang'ambika."

Ndinamubwezera tepi ija. Anamaliza kuyeza, anaitana adokotala n'kuwaonetsa zimene wapeza. Adokotalawo, munthu wa imvi, anawerengera papepala, anagwedeza mutu, ndipo anatsitsa mpweyawo pomwepo. Ndinawamva ndi makutu angawa akumuthokoza.

Koma ine nditaona chifuwa chikukwera pang'ono kusiyana ndi poyamba, ndinayambanso kulira kuti akuwamana mpweya. Tinenenji anandikhazika pabenchi panja. Anandiuza kuti makina sachiritsa munthu. Ntchito yake ndi kumusunga mpaka mankhwala atagwira, ndipo luso lagona pa kumusunga osamuvulaza. Choncho mpweya uzilowa wochepa koma pafupipafupi.

Tsiku lachitatu zinthu zinavuta, ndipo adokotala anati awagoneke chafufumimba kuti mapapo a kumsana atseguke. Ndinasuzumira pagalasi la chitseko. Anthu asanu anazungulira bedi, koma wowerenga kuti onse awatembenuze nthawi imodzi anali mwana wanu. Palibe amene anasuntha dzanja, ngakhale adokotala, mpaka iye atanena kuti tiyeni.

Paipi inachotsedwa tsiku lachisanu ndi chinayi. Mawu oyamba a alamu anu, osasa ngati a tambala wokalamba, anali ofunsa amene akusunga njinga yawo. Panopa ali pakhomo. Dzulo anayenda okha mpaka pamjigo n'kubwerako.

Za tepi zija ndinapepesa, ndipo iye anangoseka. Koma ndili ndi mlandu wina wokulirapo. Pamene Tinenenji anakana kubwera ku Joni kudzagulitsa mushopu yanu, inu n'kunena kuti wasankha kutaya mikodzo ya odwala moyo wake wonse, ine ndinavomerezana nanu. Ndinamuuza kuti mwana wosamvera bambo ake sapita patali. Ndinalakwa, achimwene. Tinalakwa tonse awiri.

Zaka zinayi zakwana inu osamulankhula. Iye sanadandaule kwa ine, koma tsiku lotuluka, akutiperekeza kukakwera minibasi, anandifunsa ngati bondo lanu lija limakuvutitsanibe m'chisanu.

Ndikukupemphani monga mlongo wanu wa bere limodzi, muimbireni. Musakonze mawu ambiri. Mungomuuza kuti mwamva zimene anachita. Nambala yake sinasinthe.

Mundiperekere moni kwa alamu a Cathy, kwa Leonard ndi kwa Lisa. A Abrahamu akuti akadakulemberani okha, koma dzanja silinalimbe. Ambuye akusungeni, ndipo akufewetseni mtima.

Ndine mlongo wanu,
Margret