Mpunga wa Ndevu Usausinje

Ku Likangala, Zomba
Juni 1956

Wokondedwa mdzukulu wanga Elenala,

Kaya wadzuka bwanji ku Halaleko, iwe ndi amuna ako a Wilisoni? Ine miyendo ikuyendabe, koma mtima ayi.

Chiwawu chatha mpunga kuno. Masamba anachita madontho, khosi n'kuwola, ngala n'kuyera mbee. Ukafikisa m'manja, mankhusu okhaokha. Mpunga wa faya wonse wapita.

Ukukumbuka mpunga wanga wa ndevu, wofiira m'tsinde? Unachokera kumalire a munda, kumene faya anakwatirana ndi mpunga wam'thengo womera wokha m'dambo. Ndakhala ndikusankha ngala zake chaka ndi chaka, ndipo chiwawu sichinaukhudzepo. Chaka chino ndinafesa wonse.

Tsono mayi ako aang'ono a Jenifa anatibweretsera mkamwini, Edwadi wa ku Songani, munthu wodziwa chimanga basi. Pofuna kundisangalatsa analawirira kukapalira munda wanga. Ataona zofiirazo anati ndi udzu.

Ine ndinamuona ndili pachulu. Mkamwini sulankhula naye, ngakhale kukumana naye panjira. Ndinatsokomola, ndinakalipira mbalame zimene kunalibe. Iye kumva kuti apongozi ali pafupi, anawerama mwaulemu n'kuzula mwamphamvu. Ndinathamangira Jenifa kudooko kumene ankagula matemba. Pobwera tinapeza mulu ukufota padzuwa. Tinayesa kubzalanso, sunagwire.

Jenifa akuti ndisamunyoze, ankafuna zabwino. Ndinamuyankha kuti zabwinozo aziphike tidye.

Tsopano tamvera. Pamene unkanyamuka kuno ndinakupatsa kathumba ka mpunga womwewo wosasinja, kuti udzadye ukadzachira kuuchembere. Mbewu yatsala ndi yomweyo. Usausinje, mwanawe. Ukamve njala, umve, koma mtondo usauone. Upatsire munthu wobwera kuno mvula isanagwe, osati chidakwa.

Ngati unadya kale, usandinamize. Kutumula kathumbako, uone m'misoko. Ngakhale njere zodzaza chikhatho cha khanda ndidzazilera. Popanda zimenezo tidzafesanso faya n'kumangoyang'ana kumwamba.

Edwadi watumiza mawu kuti chaka chamawa adzapaliranso. Ndamuuza Jenifa kuti tsiku limenelo ndidzalankhula ndi mwamuna wake pamaso, anthu anene zimene anganene.

Upereke moni kwa a Wilisoni ndi onse akwathu ali kumeneko. Mulungu akusunge pamodzi ndi chimene wanyamulacho.

Ndine agogo ako,
Virginia