Maso a Kanjiwa

Lolemba, 8 Sepitembala

Ku ofesi ya maphunziro ndi Kanjiwa, mdzukulu wanga. Jekete lakuda, nsapato zopolisha. Benchi la pakhonde n'logwedera. Amene analikhoma si mmisiri.

Anatiitana ndi Mayi Woyang'anira, mkulu wa maphunziro a ana aulumali m'boma lonse lino. Msinkhu wa mwana wanga wamkazi. Mawu ochepa, tebulo lodzaza mapepala. M'kalasi ya ana osamva, pa sukulu ya pafupi ndi depoti, mwatsala malo amodzi. Owafuna ndi awiri. Kanjiwa ndiye wamkulu, choncho ndiye woyamba kuganiziridwa.

Anamuyesa ndi zithunzi ndi timatabwa tamitundu, akumulankhula ndi manja. Mwanayo anaima bwino, manja kumbuyo, maso pansi, monga ndinamulerera. Mtima wanga unakondwa. Koma sanakhudze kanthu ngakhale kamodzi.

Mayiwo anati: "Agogo, sindingalembe chimene sindinachione. Ngati vuto si makutu okha, malo ake ndi kwina." Kwinako ndi sukulu yogonera komweko, ya ana ochedwa kugwira zinthu m'mutu, ulendo wa tsiku lathunthu pa basi. Chinenero cha manja kumeneko kulibe. Adzamuyesanso Lachisanu la sabata yamawa. Kachitatu ayi.

Lachiwiri, 9 Sepitembala

Fumbi. Chitseko cha kasitomala sichinathe.

Amake a Kanjiwa anaimba foni kuchokera kuntchito kwawo kutali. Kulira. "Bambo, akakamutaya kumeneko ndidzamuonanso liti?" Ndinati kulira pa foni n'kutha mayunitsi pachabe.

Mwanayu si wopusa. Ndisanatambasule dzanja, nyundo yafika kale. Thabwa lopindika amalikankhira pambali ine ndisanalione. Chimene chinamugwira ku ofesi sindikuchidziwa.

Wometa wa khomo loyandikana ndi shopu yanga akuti: "Madala, mwina anaopa jekete lanulo. Si lija mumavala kumaliro?" Pakamwa pake sipatsekeka.

Lachinayi, 11 Sepitembala

Mayi Woyang'anira afika pa shopu osanena. Pa njinga yamoto yahayala. Galimoto ya ofesi akuti ili pamiyala. Amachokera ku sukulu ina kumene chipinda cha ana osaona achisandutsa mosungira makasu. Nkhope yotopa. Mpando anaukana.

Anaima pazenera nthawi yaitali. Kuseri Kanjiwa anali kusewera ndi anzake, manja m'mwamba, akulamula gulu lonse ngati kapitawo. Nditamukodola analowa, naona mlendo, maso pansi.

Anandifunsa amene anamuphunzitsa kuwerama chonchi. Ndinati ndine. M'nyumba mwanga mwana sapenyetsetsa wamkulu kumaso. Ana anga onse anakula choncho, ndipo palibe amene anasanduka wakuba.

Yankho lawo silikundichoka: "Agogo, ana anuwo ankawerama makutu ali otsegula. Uyu akawerama, ndiye kuti ine ndatuluka m'chipinda."

Ndinati, mwamuona akusewera, lembani zimenezo. Anakana. Mphunzitsi wa kalasiyo ndi munthu wamkulu. Mwana amene samuyang'ana adzakhala pa desiki chaka chonse osatola kanthu, mnzake ali kunyumba wopanda malo. Lachisanu lija awayang'ane mayiwo kumaso, iwo ataimirira. Basi.

Sindinawaperekeze.

Loweruka, 13 Sepitembala

Ndayesa. Ndinamuimika patsogolo panga ndi kumukweza chibwano ndi chala. Anatsinzina. Akuganiza kuti pali chimene walakwa.

Sindinamumenyepo chibadwire. Ali wamng'ono, akandiyang'anitsitsa, ndinkangoika dzanja pamutu pake ndi kuutsitsa pang'ono. Kukabwera mlendo, chimodzimodzi. Phunzirolo linalowa ngati msomali m'thabwa laliwisi. Lero thabwa lauma.

Ndimuuze bwanji kuti lamulo lasintha? Zizindikiro zathu za pakhomo ndi za chakudya, madzi, nyundo, bwera, leka. Chonena kuti ndiyang'ane palibe. Sichinafunikepo.

Madzulo sanadye. Inenso.

Lachiwiri, 16 Sepitembala

Wometa anabwera ndi nzeru yake. Anamukhazika pa mpando wake wozungulira uja, ine nditaima kumbuyo. Pagalasi anandiyang'ana ndithu, mpaka kumwetulira. Atatembenuza mpando, maso pansi.

"Musadandaule madala, nkhope yanuyi ngakhale ine ndimailimba mtima pagalasi pokha." Sindinaseke. Mphunzitsi saphunzitsira pagalasi.

Bondo lakumanzere layambanso.

Lachitatu, 17 Sepitembala

Ndinatseka shopu m'mawa, ndi kupita kukaiona kalasiyo pazenera. Mphunzitsi wake nayenso samva. Ana akumenya madesiki, akuponda pansi, akumukoka malaya, maso onse tong'o pankhope pake. Kwa ine, chipwirikiti. Koma aliyense anali kuyankha.

Madesiki awo sakhala m'mizere. Amawazunguliza ngati mwezi woduka pakati, kuti aliyense aone manja a mnzake. Ndinayeza chipindacho ndi diso. Desiki imodzi ilowa. Yachiwiri ayi. Mayiwo sananame.

Analipo iwonso, pakhomo la ofesi ya aphunzitsi aakulu, akupempha chipinda china ndi mphunzitsi wachiwiri. Mawu anakwera. Ndinamva aphunzitsi aakulu akuti: "Mayi, ana anuwo ndi ochepa, anga akukhala pansi pa mtengo." Mayiwo anatuluka atafinya milomo. Anandipatsa moni ndi mutu wokha.

Pageti, mayi wina wogulitsa kumsika, atagwira kamtsikana padzanja. "Ndinu agogo a mwana uja? Wangayu chaka chatha anabwezedwanso." Analankhula mwaulemu. Kamtsikanako kanandiyang'ana osaphethira, kuyambira kuchipewa mpaka kunsapato. Wachiwiri wofuna malo aja ndi kameneka.

Lachinayi, 18 Sepitembala

Mawa.

Tsiku lonse sindinamuyese. Ndinaona kuti ndikungomuopseza.

Masana chitini cha misomali chinagwa pa tebulo. Ine mwini, ndi chigongono. Kanjiwa anaima chilili, mutu pansi, kudikira mlandu. Sindinamukodole kuti atole. Ndinatsika ndekha, bondo likulira, mpaka kukhala mu utuchi. Potukula mutu, maso ake ndi awa. Anawerama monga mwa lamulo, ndipo pansipo anapeza nkhope yanga.

Sanathawe nawo. Pansi analibe kwina kowaika.

Ndinamulozera msomali, ndi kulozera chitini, ndi kudzilozera pamphuno. Anayang'ana zonse zitatu. Ndinagwedeza mutu kuti inde. Tinatola pamodzi, msomali uliwonse akuyamba wandiyang'ana. Nthawi yaitali. Ali ndi kachipsera pamwamba pa diso lakumanja. Sindikudziwa kuti anakatenga liti.

Chitseko chinali chotsegula. Wometa anasuzumira, naona nkhalamba itakhala mu utuchi pamapazi pa mwana. Anabwerera osanena kanthu. Koyamba chimudziwireni.

Nditaimirira, maso pansi ngati kale. Mayi Woyang'anira anati awayang'ane iwo ataimirira.

Lachisanu, 19 Sepitembala

Malaya wamba. Jekete ndinalisiya.

Pa benchi, mayi wa kumsika uja ndi mwana wake. Tinapatsana moni.

M'kati, zithunzi zomwe zija, timatabwa tomwe tija. Kalaliki wa mu ofesi ali pakona ndi cholembera. Kanjiwa, manja kumbuyo, maso pansi. Mayiwo anayesa, nayesanso. Anandiyang'ana ine, nayamba kusonkhanitsa zithunzi.

Ndinakhala pansi pa simenti, pamaso pa kalaliki. Ndinati: "Mayi, tsikani." Chibadwire sindinalamulepo munthu wa boma.

Anaima kaye. Kenako anavula nsapato, nakonza siketi, nakhala pafupi nane. Kanjiwa anandiyang'ana, ine ndinamulozera mayiwo, iye nawayang'ana. Anamuonetsa ndi manja kuti aike tofiira patokha. Anaika. Zithunzi anazisanja mwa dongosolo lake. Chimodzi mayiwo anachiika mozondoka dala. Kanjiwa anachitembenuza, nawapenyetsetsa ngati opusa ndi iwo.

Ndiye mayiwo anayamba kudzuka manja osaleka kulankhula. Anagwada. Anakhala pa mpando. Anaimirira pang'onopang'ono, ndipo chibwano cha mwanayo chinakwera nawo. Pakati anacheukira kwa ine, kuona ngati dzanja likubwera pamutu. Manja anga ndinawakhalira.

Anawayang'ana mpaka mapeto.

"Lolemba abwere ndi kope ndi pensulo. Agogo, mudzuka nokha kapena tikuthandizeni?" Kalaliki ndiye anandidzutsa.

Potuluka tinamva akuitana mayi wa kumsika. Sindinadikire. Pazenera ndinaona Mayi Woyang'anira atamugwira dzanja, akulankhula, nsapato asanavale. Mayi wa kumsika anali kuyang'ana kukhoma.

Amake a Kanjiwa ndawaimbira. Kuliranso. Ndinawasiya alire.

Lolemba, 22 Sepitembala

Ndinamuperekeza mpaka pageti. Analowa osacheuka.

Shopu yachete lero. Nyundo ndinaifunafuna ndekha.

Wabwera masana, yunifolomu ili ndi choko paphewa. Ndinali chiimire pa tebulo, ndikupala thabwa. Anafika pafupi, nandikoka malaya monga amachitira ana aja, nandiyang'ana m'maso. Dzanja langa linanyamuka lokha. Ndinalibweza.

Anapanga kanthu ndi zala, mofulumira. Anadzilozera pachifuwa, napanga kachiwiri, kenako nandilozera ine, nsidze atakweza. Funso. Si chakudya, si madzi, si nyundo. Anabwereza pang'onopang'ono, monga achitira ndi munthu wochedwa kumva.

Ndinagwedeza mutu ngati ndamva. Anaona kuti ndikunama.

M'chikwama mwake muli uthenga wa aphunzitsi: Loweruka m'mawa makolo amaphunzira chinenero cha manja m'kalasi momwemo. Pa madesiki a ana. Loweruka ndinalonjeza chitseko cha kasitomala. Ndiponso munthu wa msinkhu wanga, zala zouma ngati izi...

Waimanso pakhomo. Akudikira yankho.