Kiyi wa Chitseko Chobiriwira

12 Ogasiti

Okondedwa Achemwali,

Ndikhulupirira muli bwino pamodzi ndi alamu ndi ana. Kuno tilipo, kupatula Mayi.

Chithunzi chija munati n'chokongola, ine ndakachiona ndi maso. Atagwetsa nyumba za mumsewu mwathu, akuluakulu a mzinda anatola zitseko ndi mafelemu ake n'kuziimika pabwalo lalikulu, kutsogolo kwa maofesi awo. Akuti n'chikumbutso cha mmene mzinda unkamangidwira kale. Kumbuyo kwake kulibe khoma, kulibe denga, anthu amangolowa n'kutulukira panja pomwepo akujambulana. Chobiriwira chapakati chija n'chathu. Ngakhale mizere imene Bambo ankalemba ndi msomali potiyeza msinkhu ikuonekabe.

Sindinafune kuti Mayi adziwe, koma mayi wamakala uja pakamwa pake sipatseka. Mayi atamva anavala nsalu yawo yabwino, tinapita. Anaima nthawi yaitali, kenako anavula chingwe cha m'khosi chija, chimene anamangirirapo kiyi wa nyumba yathu. Achemwali, kiyi wakale uja analowa bwinobwino. Anakhoma, n'kunena kuti, "Tiye. Pakhala potsegula nthawi yonseyi."

Kuyambira pamenepo madzulo ankapita kukakhoma, m'mawa kukatsegula ndi kusesa pakhomo. Ine ndinkasiya makina osokera, zovala za eni ake zili mbwee, n'kumawalondola poopa magalimoto. Koma anayamba kudya bwino, mpaka kumaimba posamba.

Alonda poyamba ankaseka. Wamtali wina ankati, "Agogo, lero mutilandira alendo?" Mayi ankati, "Yamba wapukuta mapaziwo." Koma tsiku lina alendo olemekezeka anapeza chitseko chokhoma, ndipo mkulu wa alonda anandiitanira pambali. Anati chitsekocho n'cha mzinda tsopano, ndibweretse kiyiyo, apo ayi apolisi adzawatenga Mayi ngati munthu wozungulira mutu. Ndinati, "Bwana, chitsekochi anapala ndi bambo anga." Iye anati, "N'chifukwa chake tachilemekeza."

Lachitatu Mayi akusamba, ndinatenga kiyi pamsomali pamene amamupachika posamba, ndinakapereka kwa mkulu wa alonda uja. Anandiyamikira kuti ndine munthu womvetsa.

Mayi afufuza nyumba yonse, ang'amba ndi pilo yemwe. Akuganizira mlamu wanu, ndipo sakulandiranso chakudya cha m'manja mwake. Mkazi wangayo zoona akuzidziwa. Wandiuza kuti mwezi uno ukatha ndisanaulule ndekha, atenga ana apita kwawo. Ndayesa, koma ndikangokhala pansi pamaso pa Mayi, ndimapezeka ndikuwathandiza kusuzumira pansi pa bedi.

Inu ndi amene munanena pafoni kuti tisalimbane ndi akuluakulu, tisamuke mwaulemu. Tinamvera, ndipo ulemuwo ndi umenewu. Tsono ndikupempha chinthu chimodzi: bwerani mwezi usanathe, mudzakhale pambali pa Mayi tsiku limene ndidzawauze. Musatumize shuga kapena nsalu ngati muja muchitira. Mubwere inuyo. Inu amakumverani, ine amangondituma.

Mlamu wanu sanapereke moni, ndipo sindimunamizira. Ana apereka. Mayi ati ndikuuzeni kuti mukamabwera musanyamule katundu wamtengo wapatali, poti masiku ano kunyumba kukugona kosakhoma.

Ndine mlongo wanu,
amene munamusiya ndi Mayi.